Makamera a Namawaya

Lolemba, 14 Okutobala

Bambo a ana anga atulukanso. Ine kuchapa kuseri, kubwera pakhonde, mpando uli wokhawokha, ndodo yawo pansi, geti lili chitsegulire. Ndathamanga msewu wonse wopanda nsapato, thovu la sopo m'mikono, kufunsa aliyense. Wawapeza ndi wokonza njinga, ataima m'mphepete mwa msewu waukulu, magalimoto akuwalambalala. Akuti amadikira lole ya matabwa. Lole ya matabwa! Ukalipentala anausiya kalekale, manja atayamba kunjenjemera.

Bondo lasupuka, kwina konse ali bwino. Adya, agona. Lero dzina langa silinabwere, amangoti mayi inu.

Wosiya geti ndikumudziwa. Ndi Telala, wa lendi wa kanyumba ka kuseriyu. Makasitomala ake pikitipikiti tsiku lonse, wolowa wotuluka, ngati pachipatala. Ndamulalatira mpaka mawu kusasa. Iye tepi m'khosi, kungoti pepani mayi. Pepani amadzutsa munthu wogundidwa ndi galimoto?

Chisamba wathu waimba madzulo. Wamva kale, kaya kwa ndani. Akuti zikachitikanso abwera kudzatitenga tonse awiri tikakhale kwake, nyumba ino alowemo a lendi. Kwake! Nyumba yosanja ija, masitepe, zitseko zofanana zokhazokha. Chaka chatha titapitako bambo analira ngati mwana, kusowa kolowera kuchimbudzi. Muno amayenda ngakhale atatsinzina, chifukwa thabwa lililonse anakhoma okha. Kuwachotsa muno n'kuwapha. Ndamuuza choncho. Iye: "Ndiye amayi, ndidikire foni yoti agundidwa?" Ndadula.

Lachitatu, 16 Okutobala

Mzime wathu wabwera ndi mkazi wake. Mpongozi wangayu ndimamuti Namawaya, chifukwa m'chikwama mwake simupezamo mafuta odzola, koma mawaya, pulayala ndi tepi yakuda. Ntchito yake n'kuika makamera m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Dzinalo salikana, amachita kuyankha.

Mzime kungokhala, kukanda m'mutu, nanga titani, nanga titani. Mwana ameneyu anatengera amalume ake. Namawaya sanakhale pansi n'komwe. Wazungulira nyumba yonse maso ali m'mwamba, kuyang'ana kunsi kwa denga, pamene malata amatulukira kunja kwa khoma. Pobwera akuti makamera atatu akwana: ya pa geti, ya pakhonde, ya kanjira ka kuseri. Munthu akangofika pa geti foni yanga izilira, yakenso izilira. Bambo asanafike pa ngalande tikhala titadziwa kale.

Ndinafunsa za mtengo, mtima uli m'mwamba, penshoni yanga yomwe ija. Akuti ali ndi makamera amene mwini sitolo ina anamusiyira potseka bizinesi, ndi abwinobwino. Ine ndingotereka tiyi.

Wamuimbira yekha Chisamba, ulemu wonse, alamu alamu, kumufotokozera. Chisamba wavomera kudikira kaye. Ine ndikalankhula naye timathera kukangana, uyu mphindi zochepa nkhani yatha.

Chondisangalatsa ine n'chimodzi. Telala ndimugwira ndi maso angawa.

Loweruka, 19 Okutobala

Namawaya wafika dzuwa lisanawawe, makwerero atamanga pamwamba pa galimoto ya kuntchito. Ovolosi, nsapato zolimba, tsitsi atalikulunga m'kansalu. Yekha. Mzime akuti ali ndi msonkhano. Msonkhano Loweruka, ee, tamva.

Poyamba mavu. Chisa chachikulu pakona ya kukhonde, ine ndimasesa pamenepo tsiku lililonse osachiona. Watilowetsa m'nyumba, kutseka mawindo, kupopera, kudikira. Amuluma ndithu pakhosi, pachita kutupa. Iye kungosamba ndi madzi ozizira n'kukweranso.

Makwerero atangogunda khoma, bambo anadzuka pampando ngati aitanidwa. Ine kufuna kuwabweza, Namawaya akuti asiyeni. Wawapatsa kachitini ka masikuluwu kuti azimupatsira. Pomwepo nkhope yasintha, tsinya la kuntchito lija labwerera. Akumuyesa mnyamata wawo wa ku shedi ya ukalipentala. "Iwe mnyamata, makwerero saimika choncho, utsetsereka!" Iye chabwino bwana, kutsika, kuwasuntha pang'ono, chonsecho anali bwinobwino. Ndinathawira kukhitchini kukaseka, kuzindikira ndikulira. Tsiku lonse ku geti sanayang'aneko.

Thabwa la m'mphepete mwa denga, mbali ya ku geti, ladyeka ndi chiswe. Kunja penti ili bwino, mkati ufa wokhawokha, chala chinachita kulowa. Wina akanangomanga pomwepo, kulandira zikomo, mvula yoyamba kamera pansi. Uyu ayi. Wagogoda, wagogoda, mpaka wapeza mutu wa mtanda wolimba. Wadula kathabwa katsopano, kupaka mankhwala, kumangirira pa mtandapo, kenako kamera. Kwa bambo sananene kuti thabwa lawo lawola. Wangoti akuwonjezera mphamvu, iwo n'kugwedeza mutu kuti mnyamatayu wayamba kuphunzira.

Tiyi wanga wamwa ataima, wazizira kale.

Lamulungu, 20 Okutobala

Wabweranso masana. Lero wagwira ntchito ndine. Iye pamwamba, foni m'dzanja, ine kuyenda: geti, khonde, geti, khonde, ngati mtsikana wopikisana pa za kukongola, ndi mwendo wanga wotsimphinawu. Bwererani amayi, imani pomwepo, yang'anani kuno.

Ndinamufunsa bwanji osaikweza pansonga penipeni, ione dera lonse. Akuti ukakweza kwambiri umangoona zipewa, nkhope osaiona, ukatsitsa kwambiri wakuba amaifikira ndi ndodo. Ndipo kunsi kwa denga ndiye kwabwino, mvula siimenya galasi, dzuwa siliiwotcha. Ya pakhonde waisuntha mobwerezabwereza chifukwa dzuwa la madzulo limaithobwa m'maso. Ine ndinatopa, ndati basi mwanawe, ikuona. Akuti ikuona, koma siikuona bwino.

Waya asanalowe pa bowo la khoma amayamba watsika pang'ono n'kukweranso, ngati chigongono. Ndinayesa walakwitsa, ndamuuza. Akuti madzi a mvula amatsata waya, ndiye akafika pa chigongonocho amadontha pansi m'malo molowa m'nyumba. Kanthu kakang'ono chonchi, anakaganiza ndani? Bowo wamata. Mawaya onse m'kapaipi koyera, kowongoka ngati mzere wa m'kope, osati olendewera ngati chingwe choyanikira.

Ya kuseri imaona pang'ono bwalo la aneba. Ine ndati isiye choncho, tizionako. Wandiyang'ana ngati mwana ndine. Waipotoza, kenako wapita yekha kukagogoda kwa aneba, kuwaonetsa foni aone okha kuti malire ndi mpanda. Abwera akumuperekeza, akufunsa nambala yake. Mwana uyu analeredwa. Mzime anatola nkhwangwa ndi mpini womwe, kaya anatola bwanji.

Utuchi wonse wasesa asanapite. Ngakhale tizidutswa ta waya watola.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Foni kulira ngati yalodzedwa. Mphaka wadutsa, foni. Nthambi yagwedezeka, foni. Pepala lauluka, foni. Mtima wanga kumangodumpha. Ndamuimbira Namawaya, wakonza ali kuntchito komweko, osabwera. Akuti waiuza kamera izisamala za anthu a pa geti pokha. Kuiuza kamera! Ine ndinagwira ntchito yolumikiza mafoni mu ofesi zaka zonse zija, manambala a nyumba yonse ali m'mutu, mabwana kumafunsa ine m'malo motsegula buku. Zouza kamera sindinalotepo.

M'mawa chithunzi cha pakhonde chinali mbuu. Kangaude waluka pagalasi penipeni. Ndiye kuti anadziwa kale, chifukwa anandisiyira nsungwi yaitali, kansanza atamanga kunsonga, kuti ndisakwere pampando. Ndapukuta, chayera.

Bambo pakhonde, maso pa kamera. Akufunsa mnyamata uja abwera liti, ntchito sanamalize.

Poto wapserera mpaka pansi kuda bii. Chifukwa cha foni yomweyi. Makiyi a kuchipinda ndawapeza mu fuliji. Bambo ndithu, ayamba kubisa zinthu.

Lachisanu, 25 Okutobala

Mvula yoyamba, yamphepo. Malata kuchita kulira, zovala za aneba kuuluka. Ine m'malo motseka mawindo ndaima kuyang'ana chigongono chija. Madzi akutsata waya, kufika pokhota, tho, tho, tho pansi. Khoma louma. Chithunzi pa foni chili mbee, dontho ngakhale limodzi pagalasi palibe. Magetsi athima, makamera akuonabe, kuli batire m'kabokosi kamene anakhoma kuseri kwa kabati. Ndamuimbira kungomuuza zimenezo. Waseka, akuti ndine kasitomala woyamba kuimba zinthu zikuyenda bwino.

Chisamba waimba. Mawu afewako. Akufuna naye aziona pa foni yake, Namawaya adzamulumikizira iye akabwera kuno kumayambiriro kwa mwezi. Wafunsa za bondo la bambo ake, wafunsa ngati ndikugona. Mwina tipulumuka. Mwina Khirisimasi itipeza muno.

Telala masiku ano geti akutseka bwinobwino. Wadziwa kuti kuli maso.

Lachinayi, 31 Okutobala

Atulukanso.

Sanafike patali. Foni yanga inali kuchipinda pa chaja, sindinaimve. Namawaya waona ali kuntchito, kuimbira ine osayankha, kuimbira Telala. Telala kusiya makina, liwiro, kuwapeza pa ngalande. Wabwera nawo atawagwira mkono, akucheza za kukwera mtengo kwa misomali. Ine ndikutuluka kukhitchini, osadziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu.

M'malo mothokoza, moto. Geti latseguka lokha? Ndamuuza mwezi ukubwerawu asake kwina, ndatopa naye. Amafuna kulankhula, ndamudula. Ndati umboni tsopano ulipo, mawa tiuonera limodzi, fisi akagwa m'mbuna salankhula. Kasitomala wake, mayi wa diresi la ukwati, wamva zonse.

Ndamuuza Namawaya abwere ndi zithunzi. Wangoti, "Ndibwera ndekha, amayi, tidzaonere awiri." Mawu ake sanandisangalatse.

Chisamba asamve. Mulungu wanga, asamve.

Lachisanu, 1 Novembala

Wabwera masana, wopanda ovolosi. Wadikira bambo agone. Watseka chitseko cha kuchipinda, wakhala pambali panga pabedi, wandipatsa foni.

Ndine.

Ndikutuluka ndi ndowa ya zinyalala. Ndikutsegula geti. Ndikutaya. Ndikubwerera, kuima pakati pa bwalo, kuyang'ana ndowayo ngati ndi ya wina. Kulowa m'nyumba. Geti chitsegulire. Patapita kanthawi, bambo ndi chipewa chawo.

Ndati ndi tsiku limodzi, aliyense amaphonya. Wangotsegula za Lolemba. Za Lachitatu. Ndine, ndine. Diresi langa la maluwa, mwendo wanga wotsimphina, nkhope ikuoneka bwinobwino, poti kamera anaitchera kuti izioneka. Ndipo pambuyo panga Telala, kutuluka m'kanyumba kake, kuyang'ana uku ndi uku, kutseka geti mwakachetechete, kubwerera pa makina. Dzulo anali kuyeza mayi wa diresi uja, sanaone.

Geti si kanthu. Chondiopsa n'chakuti sindikukumbukira, ngakhale pang'ono. Ndikudziwa kuti zinyalala ndinataya chifukwa ndowa ilibe kanthu, basi. Ndiye makiyi a mu fuliji aja? Ndinanamizira bambo, munthu wosatha kudziteteza.

Ndamufunsa anadziwa liti. Akuti Lolemba. Amafuna aone kaye ngati n'kutopa chabe, ndiye anapangana ndi Telala azikhala tcheru. Akuti analakwitsa kudikira, akanabwera tsiku lomwelo, ndipo wapepesa.

Ndamupempha afufute. Ndachita kumugwira manja, ine, kupempha mwana. Wakana, maso ali pa ine. "Sindifufuta, amayi, ndipo alamu akandifunsa sindinama. Koma sindiyamba ndine kunena. Nkhaniyi ndi yanu."

Ndamukwiyira. Ndamuuza kuti makamera ake abwera kudzandichotsa m'nyumba mwanga, ndi mawu ena amene sindilemba muno. Kenako wapita kukhitchini, watereka tiyi, wandibweretsera, wakatsuka poto wopserera uja amene ndinabisa pansi pa sinki.

Loweruka, 2 Novembala

Tulo sitinabwere. M'mawa ndapita kwa Telala. Makina akulira, atandiona waimitsa, waimirira. Pepani wanga watuluka movuta ngati chifuwa chouma. Akuti anadziwa kalekale, makamera asanabwere, chifukwa mayi ake nawonso anayamba chonchi. Nanga bwanji osandiuza, kumangolola ndikunyoze pamaso pa anthu? "Mukanandimvera, mayi?" Zoona, sindikanamumvera. Ndati za kusamuka zija aiwale, poti pakhomo pano kuiwala ndiye ntchito yathu. Taseka, ine misozi ili mbwe. Wandipatsa kachigamba ndipukutire.

Masana Namawaya, ovolosi yabwerera. Wabwera ndi sipuling'i yaikulu ndi loko wodzitseka yekha. Bambo atangomuona, kachitini kawo m'manja, mnyamata wabwera. Waboola, wamanga, wayesa, wamasula, wamanganso, akuti geti lisabwerere mwamphamvu lingapane bambo zala. Tsopano ukalisiya limabwera lokha pang'onopang'ono, kenako khwa. Za mawu anga a dzulo sanatchule.

Atamaliza wakhala nane pakhonde. Wapeza tsiku kuchipatala, Lachinayi, andiperekeza. Akuti mwina ndi kuthamanga kwa magazi, mwina kusowa tulo, mwina ndi zomwe zagwira bambo, tikamve kwa adokotala m'malo molosera. Sanandinamize kuti palibe kanthu, ndipo ndathokoza. Wakambirananso ndi Mzime: nyumba yawo ya lendi aisiye, alowe m'chipinda cha alendo. Bambo asachoke muno, inenso ndisachoke. Koma mawu omaliza ndi a Chisamba. Chipatala amalipira ndiye, mapepala a nyumba amasunga ndiye, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo ananena kale kuti zikachitikanso atitenga.

Ndamufunsa ngati sakuopa kukhala ndi apongozi a pakamwa ngati ine. Akuti mavu aja anamuluma, sanafe.

Ndimamuyang'ana akulongedza zida, chilichonse pamalo pake, pulayala kupukuta asanaike. Ndimamukonda mwana uyu. Ndamuuza pamaso, lero lomwe, ndisanadzaiwale. Wangoti zikomo amayi, n'kuwerama kufunafuna sikuluwu yomwe sinagwe.

Lamulungu, 3 Novembala

Chisamba akubwera lero. Ndaphika, ndazimitsa, ndabwereranso kukaona ngati ndazimitsadi. Bambo ndawasambitsa, malaya oyera, ali pakhonde. Mzime akungozungulira bwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Namawaya ali kukhitchini.

Ndinena ndekha. Asanafunse, asanakhale pansi. Kuti geti ndinkasiya ndine, Telala alibe mlandu, mutu wanga wayamba kudontha. Akalusa aluse. Akati tinyamuke ndimuuza za chipinda cha alendo, za sipuling'i, za Lachinayi. Ndimugwadira ngati n'kofunika, mwana wobala ndekha. Ndapangana ndi Namawaya akhale pambali panga. Mawu akandithawa pakati asandilankhulire, angomupatsa foni aone yekha.

Mantha alipo. Ambiri.

Foni yalira. Ndi Chisamba, pa kamera ya pa geti. Waima kunja kwa geti, chikwama m'manja, sakugogoda. Mutu wake wayera imvi chonchi liti? Ndimangomumva pa foni, sindimamuyang'ana. Akupukuta kumaso, akupuma, akutambasula dzanja, akulibweza. Nayenso akuopa, mwana wanga.

Ndikamutsegulire.